Njoka ya moto imene inkabwera ndi nkhope ya malemu

M'midzi ya anthu a mtundu wa Chuvash, m'mbali mwa mtsinje wa Volga m'dziko la Russia, munkamveka nkhani ya moto wouluka usiku. Anthu ankati umadutsa chapansipansi pamwamba pa madenga, kumutu kuli kobulungira, mchira uli wautali ndiponso ukuwaza mbaliwali, kenaka ukafika pa nyumba inayake umaphulika n'kuzimirira pa chumuni. Woona zimenezi sankafunsa kuti chadutsacho n'chiyani, popeza dzina lake linkadziwika ndi wina aliyense: vĕre çĕlen, njoka ya moto. Chimene ankayang'anitsitsa chinali denga limene motowo wathera, ndipo kawirikawiri linkakhala denga la mayi amene waika mwamuna wake m'manda chaposachedwa. Malinga ndi chikhulupirirocho, njokayo ikalowa m'nyumba inkasiya thupi lake n'kuvala nkhope, mawu ndi mayendedwe a malemuyo, n'kukhala ndi mayi wamasiyeyo mpaka tambala atalira.

Ziwanda za m'nthano za mitundu ya anthu n'zosawerengeka, ndipo zochuluka mwa izo zimaopseza ndi mano, zikhadabo kapena kukula kwa thupi. Chimene chimandibwezerabe kwa ichi n'chakuti chida chake ndi chikondi cha munthu woferedwa. Chiwandachi chimalandiridwa ndi manja awiri, chifukwa chimabweretsa chinthu chokhacho chimene mwini nyumba akuchilirira usana ndi usiku. Ndikukhulupirira kuti anthu amene ankasimba nkhaniyi anali atazindikira zoona zina zokhudza chisoni, ngakhale kuti njira imene ankazinenera inkawawitsanso mtima amayi omwewo amene inkafuna kuwateteza.

Achuvash ali ndi chigawo chawo chotchedwa Chuvashia, chimene likulu lake ndi Cheboksary, mzinda umene eni ake amautcha Shupashkar, pa mtunda wa makilomita oposa 600 kum'mawa kwa Moscow. Kalembera wa 2010 anapeza Achuvash oposa 1.4 miliyoni m'dziko lonse la Russia, pamene wa 2021 anapeza ongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Chinenero chawo chili pa ubale ndi cha ku Turkey komanso cha Atatar oyandikana nawo, koma chinapatuka kalekale, ndipo ndicho chokha chimene chatsala pa nthambi imene panali chinenero cha Abulgar a ku Volga, mtundu wakale umene unali ndi ufumu wake m'derali. Analowa mu ulamuliro wa Moscow mu 1551, kutatsala chaka chimodzi kuti mfumu ya ku Moscow, Ivan IV, ilande mzinda wa Kazan, ndipo ambiri anabatizidwa mwachigulu m'zaka za m'ma 1740, ena mokakamizidwa, ena atalonjezedwa kupumulako msonkho kwa zaka zitatu. Ubatizo wotere sunazule msanga chipembedzo cha makolo. Anthu anapitiriza kupemphera kwa Tură, Mulungu wakumwamba, kupereka nsembe pamalo opatulika otchedwa kiremet, ndiponso kukaombeza kwa yumăç, amene anali sing'anga ndi mlangizi wa mudzi munthu akadwala matenda osadziwika bwino. Zambiri zimene zikudziwika lero za moyo umenewo zinasungidwa ndi anthu ochepa akhama: Vasily Magnitsky, amene anasindikiza zofufuza zake za chipembedzo chakale cha Achuvash ku Kazan mu 1881, Gyula Mészáros wa ku Hungary, amene anayenda m'midzi yawo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndi Nikolai Ashmarin, amene mtanthauziramawu wake wa mabuku 17 unatuluka pakati pa 1928 ndi 1950 uli wodzaza ndi ziganizo zochokera pakamwa pa anthu akumudzi.

Njoka si zachilendo m'mbiri ya dera limeneli. Ahmad ibn Fadlan, amene anafika kwa mfumu ya Abulgar mu 922 ndi nthumwi zochokera ku Baghdad, analemba kuti anaona njoka zambiri zitazengezana pa nthambi za mitengo, anthu osazipha nazonso osawaluma, komanso kuti tsiku lina anadzidzimuka ndi njoka yaikulu pa thunthu la mtengo wakugwa, mfumu n'kumuuza kuti asaope. M'nthano za Achuvash muli açtaha, chinjoka cha mitu yambiri chimene ngwazi imalimbana nacho n'kuchidula mitu, ndipo mzinda wa Kazan uli ndi Zilant, njoka yamapiko imene inavomerezedwa kukhala pa chizindikiro cha mzindawo mu 1781. Pa zinjoka zimenezi sindichedwapo, chifukwa malo ake ndi m'nthano zocheza nazo madzulo, zimene womvera amadziwa kuti zinachitika kalekale kudziko lakutali. Za vĕre çĕlen zinkanenedwa mwa mtundu wina. Wosimba ankatchula mudzi, ankatchula nyumba, ankanena kuti anaona ndi maso ake kapena kuti anamva kwa azakhali ake amene anaona, ndipo womvera ankamudziwa mayi amene akunenedwayo, mwina anali atatunga naye madzi pa chitsime chimodzi m'mawa wa tsiku lomwelo.

Kuti munthu amvetse mphamvu ya nkhaniyi ayenera kuiona nyumbayo. Inali ya mitengo yogoneka yosanjikizana, khomo lake nthawi zambiri loyang'ana kum'mawa, ndipo mbaula yaikulu yomanga inkatenga gawo lalikulu la chipinda. M'nyengo yachisanu ya kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 3 koloko masana, usiku umapitirira maola 16, ndipo chipale chofewa chimakwirira njira kwa miyezi ingapo. Mayi amene ana ake ali aang'ono kapena anachoka kale pakhomo ankakhala maola onsewo akupota ulusi pa kuwala kochepa, malo ogona mwamuna wake ali pomwepo, zovala ndi zipangizo zake zili popachika pamene anazisiya. Anthu ankati ndi nthawi imeneyo pamene mlendoyo amafika. Ankalowa mosagogoda, ankamuitana mkaziyo monga mmene malemu ankamuitanira, ankafunsa za ziweto ndi za ana, ankagona naye, ndipo kusanache ankachoka. Usiku wotsatira ankabweranso. Masana mayiyo ankasiya kudandaula pamaso pa anthu, mwinanso kuoneka ngati watonthola, koma thupi linkanka liwonda, nkhope ikuyezuka, chakudya osachifuna, kwa anzake osapitako, ndipo dzuwa likamapendeka ankafulumira kukadzitsekera. Oyandikana naye ankamumva akuyankhula ndi munthu amene iwo sankamuona. Mapeto a nkhani zambiri zotere ankakhala imfa kapena misala, pokhapokha wina atalowererapo msanga. Ena ankanenanso kuti njokayo imachita kutumizidwa ndi mfiti, koma ngakhale pamenepo khomo lolowera linali lomwelo la kulira kosatha.

Chikhulupirirochi sichinali cha Achuvash okha. Arasha ndi mitundu ina ya m'chigwa cha Volga anali ndi njoka yawo ya moto yochita zofanana, ndipo nkhani ina yolembedwa m'zaka za m'ma 1500 yonena za mzinda wa Murom imasimba za njoka imene inkabwera kwa mkazi wa kalonga itavala maonekedwe a mwamuna wake. Kwa Arasha kunkanenedwa zizindikiro zomudziwira mlendoyo: amapewa kuonetsa msana chifukwa alibe, amalephera kutchula bwino dzina la Yesu, ndipo maswiti ndi ndalama zimene wabweretsa usiku zimapezeka m'mawa zitasanduka ndowe za akavalo kapena miyala. Midzi ya mitundu imeneyi inali yoyandikana, anthu ankakumana pa misika ndi ku nkhondo, choncho n'zosadabwitsa kuti nkhani zinkawoloka kuchoka m'chinenero china kupita m'china. Komabe pakati pa Achuvash nkhaniyi inagwera pa nthaka yakeyake, ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti pagona nkhani yonse.

Achuvash sankaona kubwera kwa akufa ngati chinthu choopsa mwa icho chokha. Ankawaitana okha. Munthu akamwalira, abale ankamukumbukira pa tsiku lachitatu, lachisanu ndi chiwiri ndi la 40, ndipo chaka chilichonse chinali ndi nyengo zoikika zolandirira makolo: pa Mănkun, chikondwerero chachikulu cha kutha kwa chisanu, pa Çimĕk kumayambiriro kwa nyengo yotentha pamene mabanja ankapita kumanda ndi chakudya, ndiponso m'nyengo imene atha kukolola. Pa masiku amenewa ankayatsa makandulo, ankatchula akufa mayina awo mmodzimmodzi, ankanyema chakudya n'kuwaikira m'mbale yawo, ankawathirira mowa, ndipo pomaliza ankawaperekeza ndi kuwapempha kuti abwerere kwawo, asavutitse amoyo. Mwambo waukulu koposa unali wa yupa, chipilala chimene ankachisema mofanizira munthu, cha mtengo wa thundu ngati womwalirayo ndi mwamuna ndi cha mtengo wa linden ngati ndi mkazi. Ankachilowetsa m'nyumba, kuchiveka, kuchichereza ngati kuti ndi malemu amene wabwera kudzatsanzika, kenaka n'kupita nacho kumanda kukachizika, pali nyimbo ngakhalenso magule. Mwambowu unali wozama kwambiri moti mwezi wa Okutobala umatchedwabe Yupa m'chinenero chawo, ndipo m'midzi ina ya Achuvash osabatizidwa ya m'zigawo za Tatarstan ndi Samara wakhala ukuchitikabe mpaka m'nthawi yathu ino.

Wakufa weniweni, tsono, anali ndi nthawi yake yobwerera, ankabwera banja lonse lilipo, ankadya zimene wapatsidwa ndipo ankachoka akaperekezedwa. Mlendo wausiku uja ankaswa lililonse la malamulo amenewa. Ankafika popanda womuitana poyera, ankadzera ku chumuni kusiya khomo, ankafuna munthu mmodzi yekha, ankakonda chinsinsi, ndipo sankatsanzika. Pa chifukwa chimenechi mudzi unkatha kunena motsimikiza kuti ameneyo si mwamuna wako, ngakhale nkhope ndi mawu zikhale zake. Ndimaona nzeru yaikulu pamenepa, ndiponso chifundo. Anthu sankamuuza mayiyo kuti aiwale mwamuna wake, ndipo sankanena kuti malemuyo wasanduka mzukwa wobwera kudzamudya. Mwamunayo ankakhalabe wabwino, ali kumalo ake pamodzi ndi makolo, akuyembekezera tsiku lake la chikumbutso pamene adzaitanidwe ndi dzina. Choipacho ankachisenzetsa chinthu china chakunja, chonyenga, chongobwereka nkhope. Motero mayi ankatha kuthamangitsa chimene chikumupha popanda kumva ngati wathamangitsa munthu amene anamukonda.

Amayi otere sankasowa m'midzi imeneyo. Kuyambira 1793 mwamuna wotengedwa usilikali mu ufumu wa Russia ankatumikira zaka 25, ndipo ngakhale zaka zinachepetsedwa mu 1834, mkazi wotsala ankakhala pakatikati, osati wapabanja weniweni, osatinso wamasiye womasuka kukwatiwanso. Njala ya 1921 ndi 1922 inasesa chigwa cha Volga, Chuvashia ili momwemo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anthu oposa 200,000 a m'chigawochi anapita kukamenya nkhondo, ndipo pafupifupi theka sanabwerere. M'chisanu choopsa cha kumapeto kwa 1941 ndi kumayambiriro kwa 1942, amene anakumba ngalande zotchingira adani m'mbali mwa mtsinje wa Sura ambiri anali amayi, akuswa nthaka youma gwa ndi chisanu pogwiritsa ntchito mafosholo ndi zitsulo. Ndikaganizira amayi amenewa, chimandikhudza kwambiri n'chakuti ochuluka a iwo analibe mtembo woti ausambitse, analibe manda oti aziwayendera, ena analandira kapepala konena kuti mwamuna wasowa basi. Mwambo wonse woperekeza wakufa umafuna chitsimikizo chakuti wapitadi. Pamene chitsimikizocho palibe, mtima umasiya khomo lotsegula, ndipo kumva mapazi ake pabwalo pakati pa usiku sikukhala kovuta.

Zoti moto woulukawo unali chiyani sizindivuta kwenikweni. Nyenyezi yothothoka yowala kwambiri imadutsa ndi mchira n'kuphulika mbaliwali, ndipo kwa munthu woima mumsewu wa m'mudzi imaoneka ngati yathera kuseri kwa denga lina. Chumuni cha nyumba imene mwini wake sakugona, akusonkhabe moto anzake onse atazimitsa, nachonso chimalavula mbaliwali mumdima. Zimene zinkachitika m'kati mwa nyumba nazonso madokotala akuzidziwa. Mu 1971 dokotala wina wa ku Wales, W. Dewi Rees, anasindikiza m'magazini ya zachipatala yotchedwa British Medical Journal zimene anapeza atacheza ndi amayi ndi abambo amasiye 293 a m'dera limene ankagwira ntchito. Pafupifupi theka la iwo ananena kuti anamvapo ngati mnzawo womwalirayo ali pafupi, ena anamuona, ena anamva mawu ake, ochepa anamva akuwakhudza. Ambiri anati zimenezi zinkawatonthoza, ndipo ambiri anali asanauzepo munthu aliyense, ena poopa kusekedwa. Palinso chisoni cha mtundu wina chimene sichiphwa, chimene chimamulanda munthu chakudya, tulo, ntchito ndi abale kwa miyezi ndi zaka, ndipo bungwe la World Health Organization linachiika m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Alimi a ku Volga analibe ndandanda wotere, koma anaona kusiyana pakati pa kulira kumene kumayenda ndi nyengo zake ndi kulira kumene kumamutsekera munthu m'nyumba mpaka kumuwondetsa, ndipo chachiwiricho anachipatsa thupi, mchira ndi dzina kuti athe kuchiloza ndi chala.

Sindingakhale woona mtima nditaima pamenepa ngati kuti zonse zinali zokoma. Zimene Rees anapeza zikusonyeza kuti kwa anthu ambiri kumva kuti wokondedwa ali pafupi sikuvulaza, koma m'mudzi umene unkakhulupirira za vĕre çĕlen mayi wolota mwamuna wake ankatha kudzazidwa ndi mantha pa chinthu chimene chikanamutonthoza, kapena kubisa poopa kutchuka kuti akugona ndi chiwanda. Nkhaniyi inalinso diso la mudzi pa thupi la mkazi wopanda mwamuna. Munthu mmodzi wonena kuti waona moto pa denga lakuti ankakwanira kuyambitsa manong'onong'o, ndipo mayi wosauka wopanda achibale amphamvu analibe podzitetezera. Mayi wowonda ndi chifuwa chachikulu kapena ndi njala yeniyeni ankatha kufunidwira mankhwala othamangitsa njoka pamene chimene ankasowa chinali ufa ndi nkhuni. Ndiponso sindikayika kuti nthawi zina mlendo wausikuyo anali mwamuna wamoyo wa m'mudzi momwemo, wofunidwa kapena wosafunidwa, ndipo nkhani ya njoka inkathandiza aliyense kupewa kutchula dzina lake. Ngati anali wofunidwa, mwina bodzalo linkamuteteza mayiyo, koma ngati anali wokakamiza, linkateteza wolakwayo, ndipo zimenezi zimandipweteka kuziganizira.

Njira zothamangitsira njokayo zinali zosiyanasiyana. M'chigwa cha Volga kunkanenedwa kuti munthu akaiona ikuuluka ang'ambe kolala ya malaya ake, ndipo imamwazika pomwepo isanafike kumene ikupita. Achuvash ankadalira mtengo wa rowan, wa tizipatso tofiira, pa zoipa zamitundumitundu, ndipo pa mwambo wa sĕren anyamata ankayenda nyumba ndi nyumba ndi tindodo take akukwapula zipupa ndi ngodya kuti zoipa zituluke m'mudzi. Obatizidwa ankalemba mitanda pa zitseko, pa mawindo ndi pa chumuni. Koma njira imene yandikhalitsa pansi ndi ya nkhani yofala pakati pa Arasha oyandikana nawo. Mayi wina wamasiye, atafooka kwambiri, anaulula kwa gogo wina woyandikana naye kuti mwamuna wake amabwera usiku uliwonse. Gogoyo anamulangiza kuti madzulo akhale pakhomo, amasule tsitsi, azilipesa, kwinaku akutafuna njere za chamba cha mtundu umene kumeneko ankalima kuti apeze ulusi ndi mafuta. Mlendoyo atafika anafunsa kuti akudya chiyani, ndipo mayiyo anayankha kuti akudya nsabwe. Mlendoyo anadabwa n'kufunsa ngati munthu wobatizidwa amadya nsabwe, ndipo mayiyo anabweza funso lakuti nanga wakufa amayendera wamoyo kodi. Pomwepo mlendoyo anamenyetsa chitseko n'kuchoka osabweranso.

M'nkhani imeneyi mulibe ngwazi ya lupanga, ndipo wansembe kapena sing'anga sachita chilichonse m'malo mwa mayiyo. Mawu othetsa ulendowo ayenera kutuluka pakamwa pa iye mwini, ali maso ndi maso ndi nkhope imene amaikonda koposa zonse, ndipo tanthauzo lake ndi kuvomera kuti mwamuna wake anamwalira. N'chinthu chovuta kwambiri kumupempha munthu, ndipo ndikuganiza kuti osimba nkhaniyi ankadziwa kuvuta kwake, n'chifukwa chake sankamusiya mayiyo kuti apeze yekha mawuwo. Ankawalandira kwa mayi mnzake wachikulire, amene mwina nayenso anaikapo mwamuna, ndipo gogoyo sakanamuthandiza akanapanda kuona kuti mnansi wake wawonda, n'kumufunsa mobwerezabwereza mpaka atamasuka. M'nkhani zina za mtundu umenewu achibale ankachita kusamukira m'nyumbamo n'kumagona naye usiku ndi usiku, ana akumuzungulira, mpaka moto utasiya kuoneka pa denga lake.